Alexei, kalonga yemwe magazi ake ankakana kuundana

Mwana akagwa n'kusupuka bondo, kawirikawiri nkhani yake imathera pakhomo pomwepo. Mayi amangomutsuka pabalapo, kumumanga kansalu koyera ndi kumutonthoza. Pakapita mphindi zochepa magazi amaleka okha, mawa lake pamakhala pataphimba nkhanambo, ndipo mwanayo amabwerera kumasewero.

Koma m'dziko la Russia mudabadwa mwana wina yemwe kugwa kotereku kunkatha kumugoneka pabedi kwa miyezi. Bambo ake adali mfumu ya umodzi mwa maufumu akuluakulu padziko lapansi, yokhala ndi chuma, asilikali ndi madokotala odziwika. Zonsezi sizidathe kubwezeretsa kanthu kamodzi kosaoneka ndi maso komwe kankasowa m'magazi a mwanayo.

Dzina lake adali Alexei Nikolaevich Romanov. Adakhala ndi moyo zaka 13 zokha, koma matenda ake adalowerera m'ndale za dziko lake, ndipo mbiri yake imaonetsa kukula kwa ntchito yomwe thupi la munthu limagwira mwakachetechete nthawi iliyonse likavulala.

Mwana wodikiridwa zaka khumi

Alexei adabadwa pa 12 Ogasiti 1904 ku Peterhof, kufupi ndi mzinda wa St Petersburg. Bambo ake adali Nicholas II, mfumu yaikulu ya Russia yomwe kumeneko ankaitchula kuti Tsar, ndipo mayi ake adali Alexandra, mwana wa banja lachifumu la ku Hesse m'dziko la Germany.

Awiriwa adakwatirana mu Novembala 1894 ndipo adadalitsidwa ndi ana aakazi anayi motsatizana: Olga mu 1895, Tatiana mu 1897, Maria mu 1899 ndi Anastasia mu 1901. Vuto lidali lakuti malamulo a ufumuwo ankaika ana aamuna patsogolo pa nkhani yolowa ufumu. Popanda mwana wamwamuna, mpandowo ukadapita kwa mng'ono wake wa Nicholas.

Choncho mwana wachisanu atabadwa wamwamuna, mizinga idalira ndipo mabelu a matchalitchi adamveka m'mizinda. Panthawiyo Russia idali pankhondo ndi Japan ndipo zinthu sizinkaiyendera bwino, kotero kubadwa kwa kalongayu kudaoneka ngati chizindikiro chakuti banja la Romanov, lomwe lidayamba kulamulira mu 1613, lidali ndi tsogolo.

Chisangalalocho sichidakhalitse. Mwanayo ali ndi masabata asanu ndi limodzi, pamchombo pake padayamba kutuluka magazi omwe adavuta kuleka. Atayamba kukwawa ndi kuyenda, makolo ake adaona kuti akangodzigunda pang'ono, pamalopo pankatupa n'kuda bii. Madokotala adatsimikiza zomwe mayi ake ankaopa: mwanayo adali ndi hemofiliya, matenda obadwa nawo omwe amachititsa kuti magazi asamaundane bwino.

Cholowa chochokera kuchikazi

Alexandra matendawa ankawadziwa kale, chifukwa adali atadula mitengo kwawo. Iye adali mdzukulu wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain kudzera mwa mayi ake, Alice. Mwa ana asanu ndi anayi a Victoria, mwana wamwamuna mmodzi, Leopold, adabadwa ndi hemofiliya ndipo adamwalira mu 1884 ku Cannes, m'dziko la France, atangoterereka n'kugwa. Adali ndi zaka 30.

Mlongo wake wa Alexandra, Friedrich, adamwalira mu 1873 ali ndi zaka ziwiri atagwa kuchokera pazenera. Mu Febuluwale 1904, kutatsala miyezi yochepa kuti Alexei abadwe, mwana wa mkulu wake wa Alexandra, Irene, naye adamwalira ku Germany ali ndi zaka zinayi atagwa n'kumenyetsa mutu. Kudzera mwa Beatrice, mwana wina wa Victoria, matendawa adakafikanso m'banja lachifumu la Spain. N'chifukwa chake ku Ulaya adapatsidwa dzina lakuti matenda achifumu.

Chomwe chimachititsa kuti matendawa adutse mwa amayi koma kugwira ana aamuna chidadziwika bwino pambuyo pake. Malangizo a chibadwa cha munthu amasungidwa m'tinthu totchedwa makromozomu. Mkazi ali ndi makromozomu awiri a mtundu wa X, pomwe mwamuna ali ndi X mmodzi wochokera kwa mayi ndi Y wochokera kwa bambo. Malangizo opangira zina mwa zinthu zoundanitsa magazi ali pa X.

Mkazi akakhala ndi X mmodzi wolakwika, winayo amagwira ntchito, ndipo nthawi zambiri mkaziyo sadwala kwenikweni. Mwamuna alibe X wachiwiri womupulumutsa. Mayi wonyamula vutoli akabereka mwana wamwamuna, mwayi wakuti mwanayo adwale kapena asadwale umakhala wofanana, theka ndi theka. Palibe chomwe mayiyo amalakwa, ndipo palibe chomwe angachite kuti asankhe X yemwe mwana atenge. Komabe Alexandra adakhala moyo wake wonse akudziimba mlandu.

Momwe thupi limatsekera bala

Kuti vuto la Alexei limveke bwino, m'pofunika kudziwa zomwe zimachitika m'thupi la munthu wabwinobwino akadzicheka ndi mpeni kapena kubayidwa ndi minga. Ntchito yoletsa magazi imayenda m'magawo atatu omwe amayamba pafupifupi nthawi imodzi.

Gawo loyamba ndi la mtsempha weniweniwo. Ukangodulidwa, timinofu ta m'khoma mwake timakungika ndipo mtsemphawo umafinyika. Njira ya magazi imachepa, motero otuluka nawo amachepa. Izi zimachitika m'masekondi ochepa.

Gawo lachiwiri ndi la mapulateleti. Iti ndi tizidutswa tating'ono kwambiri toyenda m'magazi, topangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, ndipo kalikonse kamakhala masiku 7 mpaka 10. M'kadontho ka magazi kochepa ngati njere ya mpiru muli mapulateleti oposa 150,000. Mtsempha ukakhala wosavulala, amangodutsa osamata paliponse chifukwa m'kati mwake ndi moterera. Ukang'ambika, ulusi wa m'khoma wotchedwa collagen umaonekera, ndipo mapulateleti amamatirira pamenepo. Akatero amasintha maonekedwe, kutulutsa timanja togwirira, ndi kutulutsa mankhwala oitana anzawo. Amaunjikana mpaka kupanga chitsekerero. Dokotala wa ku Italy, Giulio Bizzozero, ndiye adafotokoza ntchito imeneyi mu 1882.

Chitsekererochi chimakhala chofewa, ngati dothi lomatidwa pachibowo cha ngalande madzi akuyenda. Chimagwira kwa kanthawi, koma popanda choumanga chimatha kukokoloka. Apa m'pomwe pamabwera gawo lachitatu.

M'madzi a magazi muli mapuloteni oposa khumi oundanitsa magazi, ambiri mwa iwo opangidwa m'chiwindi, ndipo ena amafuna vitamini K yemwe amapezeka m'ndiwo zamasamba obiriwira. Madokotala adawapatsa manambala a Chiroma, monga Factor VII, Factor VIII, Factor IX ndi Factor X. Amayenda m'magazi ali chigonere. Bala likachitika, woyamba amadzutsidwa ndi zinthu za m'mnofu wovulalawo, iye n'kudzutsa wina, winayo n'kudzutsanso wina, monga momwe uthenga umayendera kuchoka mudzi uno kupita mudzi winawo.

Mapeto a mndandandawu ndi puloteni yotchedwa thrombin. Iyi imasandutsa puloteni ina yosungunuka m'magazi, fibrinogen, kukhala ulusi wolimba wotchedwa fibrin. Ulusiwo umalukana ngati ukonde pamwamba pa mapulateleti aja, n'kukola maselo ofiira. Kenaka ukondewo umakungika n'kukokera milomo ya bala pamodzi. Pakhungu, magazi oundanawo akauma ndiye nkhanambo ija. Pansi pake khungu latsopano limamera, ndipo ntchito ikatha thupi limasungunula lokha ulusi wotsalawo. Lilinso ndi njira zoonetsetsa kuti kuundanako kukhale pabala pokha, kusafalikire m'mitsempha yonse.

Mwa Alexei, magawo awiri oyamba ankayenda bwino. N'chifukwa chake kabala kakang'ono ka pakhungu sikadali koopsa kwambiri kwa iye, chifukwa ukakanikizidwa ndi kumangidwa bwino magazi ankaleka. Vuto lidali pagawo lachitatu. Moto unkayatsidwa koma sunkakolera: thrombin ankapangidwa wochepa, ukonde unkakhala wofooka, ndipo chitsekerero chinkakokoloka pakapita maola.

Choopsa chenicheni chidali m'malo omwe dzanja silingafike kukakanikiza: m'mawondo, m'zigongono, m'akakolo ndi m'kati mwa minofu. Kamtsempha kakang'ambika mmenemo, magazi ankatuluka pang'onopang'ono kwa masiku, kudzaza mfundoyo mpaka kuuma gwa ndi kutentha. Ululu wake unkakhala wosaneneka, ndipo kubwerezabwereza kwake kunkawononga mfundozo.

Ubwana wolonderedwa

M'masiku amenewo mankhwala a hemofiliya kudalibe. Magulu a magazi adali atangodziwika kumene mu 1901 kudzera mwa Karl Landsteiner wa ku Austria, ndipo kuthira munthu magazi kudali kusanakhazikike m'zipatala. Ana ambiri obadwa ndi matendawa ankamwalira asanakule. Chomwe madokotala a kunyumba yachifumu, monga Eugene Botkin, Vladimir Derevenko ndi Sergei Fedorov, ankatha kuchita ndi kumugoneka mwanayo, kumanga potupapo ndi kudikira.

Njira yokhayo yomutetezera idali kuonetsetsa kuti asagwe. Asilikali awiri a pamadzi, Andrei Derevenko ndi Klementy Nagorny, adapatsidwa ntchito yoyenda naye paliponse, kumugwira akafuna kugwa ndi kumunyamula miyendo ikakana. Masewero ambiri omwe anyamata anzake ankachita, monga kupalasa njinga momasuka, adali oletsedwa kwa iye.

Koma Alexei sadali mwana wofatsa. Akakhala bwino adali wosewera, wanthabwala ndiponso wamakani pang'ono. Ankakonda za usilikali ndi chakudya wamba cha asilikali monga buledi wakuda ndi msuzi wa kabichi. Adaphunzira kuimba balalaika, choimbira cha zingwe zitatu cha kwawoko, ndipo adali ndi galu wake dzina lake Joy komanso bulu wotchedwa Vanka.

Mphunzitsi wake wa Chifalansa, Pierre Gilliard wa ku Switzerland, adaona kuti kumulondera kwambiri kukadamusandutsa munthu wosatha kudziimira. Adapempha makolo ake kuti amumasuleko pang'ono kuti aphunzire kudzisamala yekha, ndipo iwo adavomera ngakhale ankadziwa kuti tsiku lililonse likhoza kubweretsa ngozi. Omwe adakhala naye pafupi adalemba kuti kudwaladwalako kudamuchititsa kukhala wachifundo kwa anthu ovutika.

Nkhani ya matendawa idasungidwa mwachinsinsi. M'chaka cha 1905 dziko la Russia lidagwedezeka ndi zipolowe ndi sitalaka, ndipo Nicholas ndi mkazi wake ankaopa kuti anthu akadziwa kuti wolowa ufumu akhoza kumwalira nthawi iliyonse, mpandowo ugwedezeka kwambiri. Ngakhale Gilliard, yemwe adayamba kuphunzitsa alongo ake a Alexei mu 1905, adauzidwa dzina la matendawo patapita zaka. Anthu wamba ankangoona kalonga akunyamulidwa, ndipo aliyense ankapeka zake.

Kubwera kwa Rasputin

Madokotala atalephera, Alexandra adatembenukira kumapemphero. Mu Novembala 1905 banjali lidakumana ndi Grigori Rasputin, mlimi wa m'mudzi wa Pokrovskoye ku Siberia. Iye sadali wansembe wodzozedwa, koma adatchuka ngati munthu wa Mulungu wotha kupempherera odwala. Kangapo konse adaitanidwa pomwe Alexei adali pa ululu, ndipo mwanayo ankakhazikika n'kuyamba kupeza bwino.

Chomwe chidamangiriratu Alexandra kwa Rasputin chidachitika mu 1912. Banjali lili patchuthi ku Białowieża, Alexei, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, adadzigunda ntchafu podumphira m'bwato. Padatupa koma pakupita kwa masiku padayamba kuphwera. Atasamukira ku Spała, m'dziko la Poland lomwe mbali yake idali pansi pa Russia, mayi ake adamutenga pangolo yokokedwa ndi akavalo kuti akapitidwe mphepo. Kugwedezeka kwa ngoloyo pamsewu wokumbika kudatsegulanso mtsempha uja.

Magazi adadzaza m'ntchafu ndi m'mphechepeche mpaka mwendo wamanzere udapindikira pachifuwa. Kwa masiku oposa khumi mwanayo ankabuula usana ndi usiku, thupi litatentha. Madokotala adaopa kumuchita opaleshoni chifukwa mpeni ukadangowonjezera bala lina losatsekeka. Kwa nthawi yoyamba boma lidayamba kutulutsa zikalata zodziwitsa anthu kuti kalonga wadwala kwambiri, ngakhale silidatchule matendawo. Ansembe adamupatsa sakramenti lomaliza.

Apa Alexandra adatumiza uthenga kwa Rasputin, yemwe adali kwawo ku Siberia. Yankho lidabwera pa telegalamu, lomutsimikizira mayiyo kuti mwanayo safa, ndi kumulangiza kuti madokotala asamuvutitse kwambiri. Posakhalitsa magazi adaleka ndipo Alexei adayamba kuchira.

Akatswiri a mbiri ndi a zachipatala akhala akupereka zifukwa zingapo. Kutuluka kwa magazi kotereku kumatha kuleka kokha malo akadzaza n'kupanikiza mtsempha. Kusiya kumugwiragwira ndi kumutembenuza wodwala kumapatsa mpata ukonde wofooka uja kuti ugwire. Mayi akakhazika mtima pansi, mwana naye amadekha. Ena amatchulanso asipirini, yemwe adayamba kugulitsidwa mu 1899 ngati mankhwala a ululu, pomwe zakuti amafooketsa mapulateleti zidadziwika patapita zaka zoposa 60. Koma kwa Alexandra nkhani idali imodzi: Mulungu adapulumutsa mwana wake kudzera mwa Rasputin.

Alexei adatenga nthawi yoposa chaka kuti mwendo uwongoke, mothandizidwa ndi zitsulo zomangira mwendo ndi matope otentha. Pa zikondwerero za mu 1913 zokumbukira kuti banja la Romanov lalamulira zaka 300, anthu adaona wolowa ufumu wawo atanyamulidwa m'manja mwa msilikali.

Mbiri ya Rasputin kunja kwa nyumba yachifumu idali yonyansa. Ankanenedwa za uchidakwa ndi akazi, ndipo nduna, mabishopu ndi abale a mfumu adayesetsa kuti achotsedwe. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kumuthamangitsa kukadatanthauza kulanda mayi chiyembekezo chokhacho chomwe adali nacho. Ndipo poti anthu sankadziwa za matenda a mwanayo, sankamvetsa chomwe munthu wotereyu ankafuna kunyumba yachifumu. Mphekesera zoipa zidafala, ndipo ulemu wa banjalo udayamba kutha.

Nkhondo ndi kugwa kwa ufumu

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idayamba mu 1914. Chaka chotsatira Nicholas adadzitengera yekha udindo wotsogolera asilikali ndipo adasamukira kulikulu la nkhondo ku Mogilev. Adatenga Alexei kuti azikhala naye. Imeneyi idali nthawi yosangalatsa kwambiri pamoyo wa mnyamatayo: ankavala yunifolomu ya msilikali wamba, kugona chipinda chimodzi ndi bambo ake, kuyendera magulu a asilikali ndi kuona ovulala m'zipatala.

Mu Disembala 1915 adagwidwa chimfine ndipo atayetsemula mwamphamvu adayamba kamfuno. Magazi adakana kuleka mpaka adathamangira naye kwawo ku Tsarskoye Selo ali lefu. Adachira, ndipo mayi ake adaonanso dzanja la Rasputin pa kuchirako.

Mfumu ili kunkhondo, Alexandra adayamba kulowerera kwambiri pa kayendetsedwe ka boma, akumvera malangizo a Rasputin pa za yemwe akhale nduna. Pakati pa Januwale 1916 ndi Januwale 1917, mpando wa nduna yaikulu udakhalidwa ndi anthu anayi. Poti Alexandra adali wobadwira ku Germany, dziko lomwe Russia inkamenyana nalo, ambiri adayamba kumukayikira. Mu Disembala 1916 gulu la anthu apamwamba lotsogozedwa ndi Felix Yusupov lidapha Rasputin.

Matenda a Alexei paokha sindiwo adagwetsa ufumu. Asilikali ankafa mwaunyinji kunkhondo, m'mizinda mudali njala, ndipo anthu adali atatopa ndi ulamuliro wa munthu mmodzi. Koma chinsinsi cha m'nyumbamo chidathandiza kudula ulusi womwe unkamanga anthu ndi mfumu yawo.

Mu Malichi 1917 zipolowe zidabuka mumzinda waukulu, womwe panthawiyo unkatchedwa Petrograd, ndipo asilikali adagwirizana ndi anthu. Pa 15 Malichi, ali m'sitima ku Pskov, Nicholas adavomera kutula pansi ufumu kuti Alexei alowe. Asanasayine adaitana dokotala Fedorov ndi kumufunsa zoona zake za mwanayo. Fedorov adamuuza kuti matendawo ndi osachiritsika, ndiponso kuti boma latsopano silikadalola kuti mfumu yaing'onoyo izikhala ndi makolo ake.

Nicholas sadafune kusiyana ndi mwana wake wodwala. Adasintha maganizo n'kutula ufumuwo m'malo mwa iye ndi mwana wake yemwe, kuupereka kwa mng'ono wake Michael. Tsiku lotsatira Michael adakana kuulandira, ndipo ulamuliro wa zaka 304 udathera pomwepo. Panthawiyi n'kuti Alexei ali gone ndi chikuku pamodzi ndi alongo ake. Gilliard ndiye adamuuza kuti bambo ake salinso mfumu.

Masiku omaliza

Banjali lidasungidwa ngati akaidi m'nyumba yawo ku Tsarskoye Selo, ndipo mu Ogasiti 1917 lidatumizidwa ku Tobolsk, ku Siberia. Mu Novembala chaka chomwecho chipani cha Bolshevik cha Vladimir Lenin chidalanda boma, ndipo moyo wa akaidiwo udayamba kuthina.

Mu Epulo 1918 Alexei adadwalanso kwambiri, magazi atatulukira m'mphechepeche monga zidachitikira ku Spała. Ali chigonere, lamulo lidabwera lakuti bambo ake asamutsidwe. Alexandra adasankha kutsagana ndi mwamuna wake pamodzi ndi Maria, kusiya mwana wodwalayo m'manja mwa alongo ake atatu. Adakakumananso mu Meyi mumzinda wa Yekaterinburg, m'nyumba yomwe idalandidwa kwa injiniya wina dzina lake Ipatiev.

Kumeneko Gilliard ndi mphunzitsi wa Chingerezi, Charles Sydney Gibbes, sadaloledwe kulowa. Nagorny, yemwe adakhala akunyamula Alexei kwa zaka zambiri, adachotsedwa n'kukaphedwa. Alexei sadayendenso. Akafuna kupitidwa mphepo pabwalo, bambo ake ndiwo ankamunyamula.

Usiku wa pa 16 kuchera pa 17 Julayi 1918, pomwe asilikali odana ndi a Bolshevik ankayandikira mzindawo, mkulu wa alonda Yakov Yurovsky adadzutsa banjalo n'kuliuza kuti litsikire m'chipinda chapansi. Nicholas adatsika masitepe atanyamula mwana wake. M'chipindamo onse asanu ndi awiri adaphedwa, pamodzi ndi dokotala Botkin ndi antchito atatu. Alexei adali atatsala ndi masabata osakwana anayi kuti akwanitse zaka 14. Matenda omwe makolo ake adawaopa kuyambira ali khanda sindiwo adamupha.

Zomwe mafupa adaulula

Mitembo idakwiriridwa mobisa m'nkhalango kunja kwa mzindawo. Mu 1991 dzenje lina lidafukulidwa ndipo mudapezeka mafupa a anthu asanu ndi anayi. Kuyeza kwa DNA, komwe kudagwiritsanso ntchito magazi a Prince Philip wa ku Britain, mdzukulu wa mkulu wake wa Alexandra, kudatsimikiza kuti adali a banja lachifumu ndi antchito awo. Adaikidwa m'manda mwaulemu ku St Petersburg pa 17 Julayi 1998, ndipo mu 2000 mpingo wa Orthodox wa ku Russia udaika banjali m'gulu la oyera mtima.

Mafupa a Alexei ndi mlongo wake mmodzi sadali m'dzenjemo. Adapezeka mu 2007 pamalo ena chapafupi. Mu 2009 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Evgeny Rogaev lidalengeza zomwe lidapeza litayeza mafupawo: pa X wa Alexei padali kachilema kakang'ono pa malangizo opangira Factor IX. Kachilema komweko kadapezeka mwa mayi ake ndi mwa mmodzi wa alongo ake. Patatha zaka 91 chimwalirire, dzina lenileni la matenda ake lidadziwika: hemofiliya B.

Mtundu umenewu udasiyanitsidwa ndi unzake mu 1952 ndi akatswiri a ku Oxford, Rosemary Biggs ndi Robert Macfarlane pamodzi ndi anzawo, atayeza magazi a mnyamata wa zaka zisanu, Stephen Christmas. Hemofiliya A, yomwe imadza kaamba kosowa Factor VIII, ndiyo yofala, ndipo imagwira pafupifupi mwana wamwamuna mmodzi mwa 5,000. Hemofiliya B ndi yosowa kuposa pamenepo. Matendawa sasankha mtundu wa anthu kapena dziko, ndipo pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu amabadwira m'banja lomwe simudamvekepo vutoli.

Thandizo lidabwera pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1960 Judith Graham Pool wa ku America adapeza njira yosavuta yopatulira Factor VIII m'madzi a magazi operekedwa ndi anthu, ndipo posakhalitsa mankhwala a mitundu yonse iwiri adayamba kupangidwa. Padali ngozi ina panjira: m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ena mwa mankhwalawo adali ndi kachilombo ka HIV ndi ka matenda a chiwindi, ndipo odwala masauzande adatenga matendawo. Stephen Christmas yemwe uja adamwalira ndi Edzi mu 1993. Mu 1997 kudabwera Factor IX wopangidwa popanda magazi a munthu, ndipo mu 2022 dziko la America lidavomereza chithandizo choika malangizo abwino a Factor IX m'chiwindi cha wodwala.

Mwana wobadwa ndi vuto la Alexei akamalandira Factor IX mwa jakisoni amatha kupita kusukulu, kusewera ndi kukalamba ngati wina aliyense. Mankhwalawa ndi okwera mtengo, ndipo m'maiko osauka ana ambiri amapunduka kapena kumwalira matenda awo asanadziwike n'komwe. Zizindikiro zake ndi zomwe zija makolo a Alexei adaona: magazi osaleka pamchombo, pochotsa dzino kapena pa mdulidwe, zipsera zakuda zobwera popanda kugunda kwenikweni, ndi mawondo otupa ndi kuwawa mwana akangogwa pang'ono. Mwana wotere amafunika kukayezedwa magazi kuchipatala, ndipo sayenera kupatsidwa asipirini kapena kutemeredwa mphini. Chaka chilichonse pa 17 Epulo dziko lapansi limakumbukira anthu odwala matendawa.